Tsiku Limene Namlomo Anakhala Chete

"Mukuona ngati ili ndi khasu lanu? Taonani matope awa! Chinthu chochoka kutsidya kwa nyanja, Chadiza yense chilipo chimodzi chokha, inu mukuchigubuduza m'thope ngati mbatata!"

Amene ankakuwa chotereyu anali Robson Sakala, wosunga katundu wa bungwe lina lokumba zitsime, m'kachipinda kake kuseri kwa msika pa boma. Wokuwidwayo anali Fulansisi Njobvu wa ku Zemba, munthu wamkulu woti Robson akanatha kukhala mwana wake wachisamba. Anaima chipewa chili m'manja. Pakati pawo, pa tebulo, panali kabokosi kachikasu kosaposa mtanda wa sopo, koyezera mpweya wa pansi pa chitsime.

"Bwana, m'chitsime mumadontha," anatero Fulansisi. "Kakamatsika kamakhudza khoma. Koma ndapukuta."

"Mwapukuta ndi chiyani, malovu? Tamverani a Njobvu. Kakadzalowa madzi aka, dzina langa lisadzatuluke pakamwa panu. Mudzakwera nokha basi ya ku Lusaka, mukafotokoze chifukwa chake mukuwononga katundu wa dziko. Ndipo mukudziwa mmene amatchedwera anthu owononga katundu wa dziko masiku ano."

Ankadziwa. Chinali chaka cha 1988, nthawi ya chipani chimodzi, pamene dzina loipa linkamatirira munthu kuposa ulimbo. Fulansisi anatenga kabokosi kaja ndi manja awiri, nakaika m'thumba la malaya, natuluka kukatenga njinga yake.

Musamuyese wamantha munthu ameneyu. Wamantha satsika m'dzenje lakuya moti ukayang'ana kumwamba thambo limaoneka ngati mbale. Fulansisi anayamba kukumba zitsime ndevu zisanamere. Sukulu anailekeza pa sitandade yachiwiri, bambo ake atapita ku migodi osabwerera. Amene anamutola anali nkhalamba ina ya ku mishoni, dzina lake Ezara, munthu wouma mtima ndi wouma manja, amene ankaphunzitsa ndi mbama. Kwa Ezara anaphunzira kuzindikira pamene pali madzi poona mitengo ndi chiswe, kuwongola khoma ndi chingwe chomangirira mwala, ndiponso chinthu chachikulu kuposa zonse: kuopa mpweya.

Pansi pa chitsime pamakhala mpweya wina wopanda fungo, wopanda mtundu. Umangodikha pansi ngati madzi m'mtsuko. Munthu ukalowamo sumva kuwawa. Umangomva tulo tokoma, miyendo n'kulefuka, basi. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, munthu asanatsike, Ezara ankayatsa koloboyi, kanyali ka chitini kaja, n'kukatsitsa pa chingwe pang'onopang'ono. Lawi likafika pansi lili njo, mpweya uli bwino. Likayamba kufupika, kufiira, kenaka n'kuzima, palibe wotsika. Ankamanga nthambi za mango za masamba ambiri ku chingwe, n'kumazikweza ndi kuzitsitsa, kupalasa mpweya wakufawo mpaka utatuluka. Kenaka koloboyi kachiwiri.

Ezara atamwalira, ntchito ndi koloboyi zinatsala ndi Fulansisi. Anakumba ku Zemba, ku Zingalume, pa masukulu, pa matchalitchi aang'ono a m'midzi, mpaka kufupi ndi malire. Funsani aliyense wakale ku dera limenelo, akuuzani: kufikira chaka chimenecho, pa zitsime zonse za Njobvu palibe munthu anatulukamo atanyamulidwa. Iyeyo sankadzitama nazo. Anali munthu wosalankhula kwambiri, wosamwa, wa m'bungwe la abambo ku tchalitchi, wokonda kukhala kumbuyo. Koma akaima pakamwa pa chitsime n'kunena kuti "tsikani", anthu ankatsika osafunsa. Mawu amodzi amenewo ndiwo anali chuma chake chonse. Ndipo anali ndi lamulo lake: wonena kuti tsikani ndiye ayambe kutsika.

Mnzake pa ntchito anali mlamu wake, Yoweli Mwanza. Ameneyu anachokera cha ku Katete, nadzakwatira Lefina, mlongo wake wa Fulansisi, n'kukhala mkamwini m'mudzi mwawo. Kwathu kuno mkamwini ndi munthu wobwereka. Eni ake ali kwawo, ndipo mlongo wa mkazi, mwini mbumba, ndiye amamulandira, kumuonetsa pomanga nyumba ndi polima, n'kukhala woyankha ngati kanthu kamugwera. Fulansisi anamulandira Yoweli choncho, kenaka n'kumuphunzitsanso piki ndi chingwe.

Anthu awiri osiyana ngati amenewa simunawaone. Yoweli pakamwa sipankatsekeka. Ankaimba nyimbo za kwaya ali pansi pa chitsime, ati kumeneko mawu ake amamveka ngati a anthu anayi. Ankaputa amayi odzaona ntchito, kuputa agalu, kuputa ngakhale katekisiti.

"Alamu," ankatero akutumiza ndowa ya dothi kumwamba, "mlongo wanu uja munandipatsa ndi wolimba kuposa mwala uno. Mundionjezere malo a dimba."

"Kumbani, alamu, mukutha mpweya," ankayankha Fulansisi, akubisa kumwetulira.

Kabokosi kachikasu kanabwera ndi mkulu wina wa bungwe lija kuchokera ku Lusaka. Zinali zaka zimene zigawenga za ku Mozambique zinkadumpha malire kudzavutitsa midzi, ndipo mlendo aliyense wa galimoto sankafuna kuti dzuwa limulowere ali ku Chadiza. Mkuluyo anatsika pa boma, analonjerana ndi apampando a chipani, anamwa tiyi, kenaka anaitanitsa okumba. Anakanyamula m'mwamba kabokosi kaja ngati wansembe.

"Dinani apa. Kakalira kamodzi, kagalasi aka n'kuyaka kobiriwira, ndiye kuti kadzuka. Katsitseni pa chingwe. Kakayamba kukuwa, musalowe. Nthawi ya zinyali yatha, anzanga. Tikupita patsogolo."

Basi, maphunziro onse anathera pomwepo. Fulansisi anali ndi funso, linafika mpaka pa lilime: kodi kamamva ndi chiyani? Koma apampando anali atayamba kale kuwomba m'manja, dalaivala anali ataliza injini, ndipo masiku amenewo kufunsa munthu wamkulu funso pa gulu kunali ngati kumunena kuti sanafotokoze bwino. Analimeza. Galimoto inadzutsa fumbi kulowera ku Chipata.

Poyamba sanakakhulupirire. Ankatsitsa zonse ziwiri, koloboyi ndi kabokosi, ndipo nthawi zonse zinkagwirizana. Lawi likazima, kabokosi kankakuwa mawu osongoka olasa m'makutu. Yoweli anakatcha Namlomo, ati kamakalipa ngati azakhali ake ena a ku Katete.

Tsiku limene Namlomo anapambana linali pa chitsime cha pa sukulu ina pafupi ndi boma. Madzi anali atachuluka, ndiye anabwereka pampu ya injini kuti iwapope, n'kuiika pakamwa penipeni pa chitsime. Itazima, Fulansisi anatsitsa koloboyi. Lawi linafika pansi lili bwinobwino, lowala ngati la pa guwa. Anatsitsa kabokosi. Kasanafike ngakhale pakati, kanayamba kukuwa ngati kapsa.

"Kapenga aka," anatero Fulansisi, akuvula kale malaya. "Moto sunama."

"Dikirani, alamu," anatero Yoweli. "Akulu awiri akakangana pamafunika mboni. Ahedi ali ndi nkhuku."

Anamanga nkhuku m'dengu n'kuitsitsa. Anadikira kanthawi, akucheza. Poikweza, khosi linali lende, maso atatembenuka. Utsi wa injini unali utatsikira m'chitsime n'kudikha, utsi woti nyali imayaka bwino m'kati mwake koma munthu umamupha. Fulansisi anakhala pansi pa mulu wa dothi, malaya ali m'manja. Nkhuku ija anaidya Yoweli, ati mboni siiwola pachabe.

Kuyambira pamenepo Fulansisi anagonja, ndipo anagonja ndi mtima wonse, monga achitira anthu oona. Ankauza aliyense kuti kabokosi kaja kanamupatsa moyo wachiwiri. Palafini nayenso anali atasowa m'masitolo, anthu akugona pa mzere chifukwa cha botolo limodzi, ndipo bungwe linali litaleka kupereka wa ntchito. Koloboyi wa Ezara anamupereka kwa mkazi wake Agnesi kuti aziunikira m'nyumba akapeza kadontho.

Apa pali chinthu choti munthu aganizire. Nyali ija inali yoperewera, inde, tanena kale. Koma inali yapachibale. Imapuma monga ife, imafa pamene ife timafa, ndipo munthu ukaiyang'ana umadziwa chimene ikuchita. Palibe wamisala amene angaike nyali m'botolo n'kutseka kuti isanyowe, chifukwa aliyense amadziwa kuti moto umafuna mpweya. Kabokosi kankadziwa zambiri kuposa nyali, koma sikankanena mmene kakudziwira. Kanali ngati mlendo wanzeru amene mumadya naye mbale imodzi koma simudziwa kwawo.

Ndiye tsiku lija, atachoka kwa Robson makutu akuyaka, Fulansisi anapalasa njinga kubwerera ku Zemba akusinkhasinkha. Mvula inali pafupi. Zitsime zidzadontha kuposa kale. Atani kuti Namlomo asanyowe? Atafika kunyumba anakaika pa mphasa n'kukayang'anitsitsa. Kali ndi mabatire ngati wailesi. Kali ndi podina ngati wailesi. Kutsogolo kali ndi timabowo tating'onoting'ono, ndipo pa wailesi timabowo totere ndi potulukira mawu. Wailesi yake ya m'nyumba inkakhala yokulungidwa m'pulasitiki chaka chonse, kuopa fumbi ndi mphemvu, koma inkamva Lusaka, inkamva Blantyre, zitseko zili zotseka. Ngati wailesi imamva za kutali chotero ili m'chovala, kabokosi kangalephere bwanji kumva za pafupi?

Mwina wina akuseka. Asaseke. Pa Chadiza yense, kuyambira kwa aphunzitsi mpaka kwa Robson yemwe, panalibe munthu akanaganiza mosiyana. Chinthu chamtengo timachiveka, ndiwo ulemu wathu. Njinga timaikulunga nsanza, mipando ya pabalaza timaisiya m'mapepala ake mpaka ana akule. Fulansisi sanachite ulesi, sanachite mwano. Anachita chisamaliro.

Agnesi anatulutsa pulasitiki ya shuga imene ankaisunga pansi pa bokosi la zovala, yotsukidwa bwino, yopanda kabowo. Fulansisi anakalowetsamo kabokosi, napinda pakamwa kawiri, namanga ndi mphira wa chubu cha njinga, zolimba. Ndipo sanangokhulupirira, anayesa. Anadina kunja kwa pulasitiki. Kanalira kamodzi. Kagalasi kanayaka kobiriwira. Mtima wake unakhala pansi.

"Eee, Namlomo wagula jasi la mvula!" anatero Yoweli atakaona m'mawa. "Ine mlamu wanu ndikuyenda ndi thumba la feteleza kumutu."

Zitsime zotsatira zinayenda bwino. Namlomo ankatsika, kukwera ali chete, woyera ngati watsopano. Anthu ankatsika n'kutuluka bwino, chifukwa mpweya wa m'zitsime zimenezo unali wabwino kale. Robson atakaona pa kuyendera kwa mwezi anagwedeza mutu mokondwa, nati tsopano a Njobvu mwayamba kumva.

Kenaka anaitanidwa ku Zingalume. Pa katchalitchi ka kumeneko panali chitsime chakale chakuya chimene chinali chitaphwa, amayi akukatunga ku dambo limodzi ndi ng'ombe. Akhristu anagwirizana kuti achizamitse. Ntchito itafika pakati, mvula yoyamba inagwa, ndipo aliyense anathamangira kumunda kukabzala. Chitsime anachivundikira ndi matabwa ndi lata kuopa mbuzi, n'kuchisiya chotseka kwa masiku angapo.

Anabwererako m'mawa wina wa mitambo yolemera, kopanda kamphepo, thukuta likutuluka munthu ali chiimire. Abambo a mumpingo anachotsa lata n'kukonza chopukusira chingwe. Fulansisi anadina Namlomo, namutsitsa mpaka chingwe chinalefuka, kusonyeza kuti wafika pansi. Anatchera khutu. Anadikira, monga ankadikirira nthawi zonse, nthawi yokwanira kunena Atate Athu mosathamanga. Zii. Anamukweza. Kagalasi kanali kobiriwira.

Anapita kukamupachika pa nthambi ya mtengo kuti asapondedwe. Mfundo ya chingwe inali itanyowa, inamuvuta kumasula. Potembenuka anapeza Yoweli wakhala kale pa kamtengo kotsikira, miyendo ili lende m'chitsime.

"Chokanipo, alamu. Ndiyambe ine."

"Inu mawondo anu aja akulira ngati chitseko. Ndisiyeni ndikayambe, tiweruke msanga. Mtedza wanga sunalowe m'nthaka, mlongo wanu andidya wamoyo. Watani Namlomo?"

"Ali chete."

"Nanga tsono?"

Fulansisi anayang'ana kabokosi kali pa nthambi, n'kuyang'ana mlamu wake.

"Tsikani," anatero.

Yoweli anatsika akuimba. Abambo awiri ankamasula chingwe pang'onopang'ono, nyimbo ikunka ikuzama. Inali nyimbo ya Maria, ija amaimba amayi pokolola. Pakati pa ndime inangoduka. Sanakuwe, sanaitane munthu. Chingwe chinangopepuka m'manja mwa opukusa, kenaka pansi panamveka kugwa kwa chinthu cholemera m'matope.

"Alamu! A Yoweli!"

Fulansisi anadziwa nthawi yomweyo. Thupi lake linadziwa mutu usanavomere. Anakoka chingwe, nachimanga m'chifuwa mwake, nalamula kuti amutsitse. Katekisiti anamugwira mkono, iye anamukankhira kutali, munthu amene sanakankhepo mnzake chibadwire. Anatsika atagwira mpweya m'chifuwa. Anamuona Yoweli ali chafufumimba, nkhope m'thope. Anatambasula dzanja, nakhudza malaya, ndipo mpweya unamuthera. Anapuma kamodzi. Tulo tija tinabwera, tokoma, tofunda. Abambo aja ataona kuti chingwe chalemera mwachilendo anapukusa ndi mphamvu zawo zonse, namutulutsa ali lende ngati nkhuku ija.

Anatsitsimuka amayi akumuthira madzi. Mawu ake oyamba anali akuti, "Nthambi! Dulani nthambi!" Anadula za mango, namanga ku chingwe, nayamba kupalasa mpweya, kukweza ndi kutsitsa, monga ankachitira Ezara. Mayi wina anathamanga kukatenga nyali kunyumba kwake, yokhala ndi palafini wa masiku a maliro. Ulendo woyamba inazima pakati. Anapalasanso. Ulendo wotsatira inazima chakumunsi. Pamene lawi linafika pansi lili moyo, dzuwa linali litakwera, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa kuti akukatenga mtembo.

Atamutulutsa Yoweli, anamugoneka m'tchalitchi, namufunda chitenje. Wina anakwera njinga kukanena ku Zemba. Anthu onse anali m'kati kapena pakhomo, akulira. Fulansisi yekha anabwerera ku chitsime. Namlomo anali pomwe paja pa nthambi, kagalasi kake kakuyakabe kobiriwira, ngati palibe chachitika.

Munthu wina akanakaphwanya ndi piki, ndipo palibe akanamudzudzula. Iye anafuna kudziwa. Pafupi panali dzenje la makala limene wina anali kuwotcha, utsi ukutuluka m'mbali. Anakatengera kumeneko, nakaika mu utsi weniweniwo, woti iye mwini unkamutsokomoletsa. Chete. Anamasula mphira uja. Anakatulutsa m'pulasitiki, nakaikanso pomwepo.

Kanakuwa. Kanakuwa mpaka agalu a m'mudzi anayamba kuuwa, mpaka anthu anatuluka m'tchalitchi kudzaona. Anamupeza atagwada, atakagwira ndi manja awiri, chala chake chikusisita timabowo tija.

"Si pakamwa pokha," ankanena, osayang'ana munthu. "Ndi mphuno. Kamanunkhiza. Ndinakatseka mphuno."

Uthenga unapita ku boma. Robson, tinene zoona, atamva anakhala pansi n'kulira. Nayenso sankadziwa. Anamupatsa chinthu choti asunge, namuuza mtengo wake ndi chilango chake, koma osamuuza kuti chimapuma. Analankhula ndi akulu ake a ku Lusaka, ndipo yankho limene linabwera linali lakuti kabokosi kalibe vuto, kanagwiritsidwa ntchito molakwika, kabwezedwe ku sitolo ya bungwe msanga. Ku maliro sikunabwere galimoto.

Anamuika Yoweli ku Zemba, kumanda a kwa mkazi wake, chifukwa mvula inali itawononga njira ya ku Katete. Abale ake anabwera wapansi ndi pa njinga, motsogozedwa ndi amalume ake, a Manase, nkhalamba yayitali yolankhula motsitsa. M'mawa mwake, monga mwa mwambo, mbali ziwiri zinakhala pansi kuseri kwa nyumba ya siwa kuti zimve chimene chinadya munthu, anamfedwa asanametedwe tsitsi ndi kumasulidwa.

"Ife tinamva kuti mwana wathu ali m'manja mwa munthu wodziwa zitsime," anatero a Manase. "Sitinabwere ndi nkhondo. Tabwera kudzamva. A Njobvu, mwana wathu anatsika yekha, kapena anatumidwa?"

Fulansisi anaimirira, ngakhale mwambo umalola kuyankha uli pansi.

"Ndinamuuza ndine kuti atsike. Chida chija ndinachimanga ndine m'pulasitiki, ndi manja awa. Woyamba kutsika ndinayenera kukhala ine. Palibe wina."

Sanatchule Robson. Sanatchule mkulu wa galimoto uja. Umu ndi mmene analili munthuyu, ndipo n'zimene zimapsetsa mtima mpaka lero: anthu oongoka amasenza mtolo wonse, eni mtolo n'kumayenda manja ali m'thumba.

A Manase anati munthu wovomera savuta, ngozi ilibe mwini, mbuzi imodzi ya chipepeso ikwanira, ana a malemu akule m'manja mwa amalume awo monga mwa chikhalidwe. Anthu anapuma. Ankhoswe anawomba m'manja. Mayi wina wachikulire anabwera ndi beseni la madzi ndi lezala, nagwada pafupi ndi Lefina kuti ayambe kumumeta, maliro athe.

Lefina anali asanalankhule chiyambire tsiku la ngozi. Anali mkazi wamfupi, wa manja okhakhala, wodziwika ndi kulimbikira kumunda osati ndi mawu pa bwalo. Anagwira dzanja la mayi uja, nalibweza.

"Tsitsi langa musalikhudze."

"Iwe Lefina," ananong'oneza mayiyo, "akulu agamula."

"Agamula za mbuzi. Ine sindinakwatiwe ndi mbuzi." Anatembenukira kwa mlongo wake. "Achimwene, khalani pansi. Mwaima ngati wakuba chifukwa chiyani? Zaka zonsezi munatsitsa anthu m'maenje ndi kanyali ka chitini, munaphapo ndani? Mwayamba kupha lero, atakupatsani chinthu cha nzeru?"

"Mlongo wanga, ndinamanga ndine..."

"Munamanga chifukwa anakuopsezani! Ndipo amene anakuopsezaniyo naye anaopsezedwa. Nanga amene anabwera nacho? Anali ndi nthawi yomwa tiyi. Analibe nthawi yonena mawu awiri okha, akuti musatseke apa? Chinthu chodziwa kupulumutsa munthu, iwo anangotiuza mtengo wake!"

Katekisiti anayesa kulowererapo, nati mawu otere ndi oopsa masiku ano, makoma ali ndi makutu, ndipo apampando a nthambi ya chipani ali pompano. Apampandowo, omwe aja anawomba m'manja pa boma, anayang'ana pansi. Anali munthu wa m'mudzi momwemo, amene ankamwa madzi a chitsime chokumba Yoweli.

"Amve!" anatero Lefina. "Ndikufuna amve, akanene. A Manase, pepani, ndinu akulu, koma mwana wanu simumulira ndi mbuzi ya mlamu wake. Kabokosi kaja sikabwerera ku sitolo. Kakhala m'nyumba muno, pa mphasa ya malemu. Akakafuna, abwere mwini wake amene anakanyamula m'mwamba pa boma paja. Tsitsi ili likula, lifika m'mapewa, lichita nsabwe, ndipo aliyense wondiona ku tchalitchi ndi ku msika adzadziwa kuti maliro a Yoweli Mwanza sanathe."

Mayi uja anaika lezala m'beseni. Palibe anatsutsa. Fulansisi anakhala pansi pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire ngozi, analira mokweza ngati mwana.

Lefina analoza apampando ndi chala, chinthu chimene mkazi wa ku Zemba sanachitepo.

"Inu munawomba m'manja tsiku lija. Mukudziwa dzina lake, mukudziwa ofesi yake. Kwerani njinga. Mukamuuze kuti njira ya ku Chadiza ndi yomwe ija anadzera, sinasunthe. Abwere adzakhale pa mphasa iyi, pamaso pa ana awa, atiuze ndi pakamwa pake chifukwa chake sananene. Abwere adzayankhe!"